Madalaivala Amene Mikaele Sanawayese

Kwa a Goliati ku Nguludi kunalibe chuma chochitira nsanje, koma mtendere unalipo wokwanira. Iwo ankalima nandolo, akazi awo a Esnat ankasoka mayunifolomu, ndipo ana awo awiri, Mikaele ndi mlongo wake Thandizo, anakula akudziwa njira ya kumunda ndi ya kutchalitchi.

Mikaele ataphunzira kuyendetsa galimoto, mwayi unamugwera. Analembedwa ntchito pa kampani ina yaing'ono yopezera madalaivala eni malole ndi mabasi. Udindo wake unali womveka: akwere galimoto ndi aliyense wofuna udalaivala, amuone pokwera chitunda ndi potsika, aimbe foni kumene ankagwira kale, kenako asayine kuti munthuyo ngoyenera.

"Anthu azikhulupirira dzina lakolo asanakuone n'komwe," bambo ake anamuchenjeza. "Usalilembe pamene maso ako sanafike."

Miyezi yoyamba mnyamatayo ankakhetsa thukuta ndithu. Koma mu ofesimo munali Lawrence, katswiri wa bawo, munthu woti mpando unkamudziwa bwino kuposa mkazi wake.

"Achimwene, mukupseranji ndi dzuwa?" anatero Lawrence. "Munthu ali ndi laisensi, boma linamuyesa kale. Inuyo mukufuna kuposa boma? Tangosayinani apo, bwerani titakate pa bawopa."

Tsiku loyamba kusayinira munthu osamuyesa, Mikaele anasayina mozengereza. Pomatha mwezi ankasayina dzanja lina lili pa bawo, ndipo kunena zoona moyo wotero unkamukomera.

Mayi ake sanachedwe kuona. "Masiku ano nsapato zako zikumabwera zopanda fumbi. Kodi magalimotowo mukumayesera mu ofesi?"

Mikaele anangoseka n'kupempha tiyi wina.

Loweruka lina m'mawa, kwaya ya Thandizo inali pa ulendo wa ku Mulanje kukaimba. Mikaele anamuperekeza pa basi atamunyamulira chikwama. Atasuzumira pa chiwongolero anaona nkhope yoidziwa: a Levi, amene iye anawasayinira Lachiwiri osakwera nawo galimoto. Anasendera kuti awapatse moni. Maso awo anali psuu, ndipo fungo la kachasu ndi limene linayamba kuyankha.

Mantha anamugwira. Nambala ya kumene a Levi ankagwira kale inali idakali mu foni yake, yosaimbidwa. Anaimba pomwepo.

"A Levi? Tinawachotsa atagwetsera lole mumtsinje ataledzera," anatero mawu a uko. "Wawapatsanso galimoto ndani?"

"Ndine," anayankha Mikaele motsitsa mawu.

Anakwera m'basimo, nazula kiyi, n'kuuza kwaya yonse zimene anachita. Ulendo unathera pomwepo. Nyimbo zimene anaphunzira miyezi itatu zinabwerera kunyumba zosaimbidwa, ndipo Thandizo analira njira yonse osamuyang'ana.

Atafika, a Esnat anaimitsa makina osokera. "Wachita bwino, mwanawe. Koma undiuze: m'basimo mukanakhala mopanda mlongo wako, foniyo ukanaimba?"

Kenako mayiwo anawonjezera funso lina.

"Nanga enawo amene unawasayinira uli pa bawo, lero anyamula alongo a yani?"

Funso limenelo linamupweteka kuposa mkwapulo. Lolemba analawirira kwa abwana ake n'kuulula zonse, natchula mayina onse osabisa ngakhale limodzi. Madalaivalawo anaitanidwa kudzayesedwa, ndipo atatu anapezeka kuti sanali oyenera kunyamula ngakhale mbuzi. Ntchito ya Mikaele inathera pomwepo, ndipo iye sanatsutse.

Lero amakonza njinga pa Mauwa. Amapeza zochepa, koma ndi wokondwa, chifukwa palibe maliro amene analowa m'mudzi chifukwa cha iye.

Achinyamata, ulesi umaoneka ngati tchimo laling'ono chifukwa umachitika munthu atakhala pansi. Koma ukavomereza munthu amene sunamuyese, waika miyoyo ya ena m'manja osawadziwa. Mikaele anapulumuka chifukwa mlongo wake anali m'basimo. Musadikire kuti m'bale wanu akwere basiyo kuti muyambe kukhulupirika.