Mwamuna Amene Ankafufuta Inki ya Adokotala

Nkhaniyi ndi ya bambo telala, mayi a kunyumba kwawo, ndi sing'anga wina wa kuseri kwa msika.

Bambo telala ankasokera pakhonde la sitolo ya eni, maso ali pa galimoto ya mwini sitoloyo. Mayiwo anali atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo, koma chotupa chinaphukanso. Adokotala analamula kuti chiwotchedwe ndi cheza cha makina, ndiponso mayiwo azimwa mapiritsi amphamvu. Anawalemba timizere ta inki m'munsi mwa mchombo, nati, "Makina azilunjika apa. Musafufute."

Telala anapita kwa sing'anga kukafuna chuma.

"Kwanu kuli chomera kale, m'mimba mwa mkazi wako," anatero sing'anga. "Chikamakula, nawenso ukula. Amamusambitsa ndani?"

"Ndine."

"Basi, manja uli nawo. Magazi sindifuna ine. Uzifufuta inkiyo, mapiritsiwo uzibweretsa kuno."

"Nanga akafa?"

"Wadzera maliro kapena chuma?"

Telala anayamba kusambitsa mkazi wake mwakhama, namamupatsa mapiritsi a mutu m'malo mwa amphamvu aja. Inki ikafufutika, kuchipatala ankayezanso, mayiwo n'kubwerera kumapeto kwa mzere wa odikira makina. Anamwino ankawakalipira, iwo n'kumapepesa, poganiza kuti ndi thukuta lawo. Telala anagula sitolo ija, kenako galimoto. Anansi ankati, "Mwamuna koma uyu!"

Tsiku lina posamba, mayiwo anamva fungo la sipiriti pakansalu. Anagwira dzanja la mwamuna wawo.

"Bambo a ana, ine kugwada konse kuja kwa anamwino, kani ndinu?"

Telala anagwetsa kansaluko naulula zonse. Koma nthenda inali itafika kale kuchiwindi. Mayiwo anakana kuti awakhudzenso mpaka anatsikira kuli chete.

Chomera chitafa, chuma chinafota. Sitolo inapsa, galimoto inagwa. Lero telala amayenda ndi kasanza, kupukuta makoma a anthu, akuti akuonapo inki.

Umbombo sukaba kutali. Umayambira pa amene wakuvulira malaya chifukwa chokukhulupirira.

Abale a mbali zonse anakhala pansi nagamula kuti wamisalayo azipatsidwa chakudya pakhomo, pakuti ndi munthu, koma m'nyumba asalowe ndipo ana asawagwire. Achimwene ake anadandaula kuti chilangocho chakula. Mayi ake omubala anaimirira nati, "Chachepa." Onse anavomera mawu a mayiwo.