Nthunzi m'Bafa la Ambokile

Chinthu choyamba chimene Modesta anaona chinali galasi. Analowa m'bafa m'mamawa kuti asukusule asanapite ku kachipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino, ndipo anapeza galasi lonse lili mbuu, madontho akutsetsereka mpaka pa sinki. Matailosi a m'khoma anali onyowa ngati wina wangowatsuka kumene. Atagwira paipi ya madzi otentha anaimva kufunda. Komatu m'nyumbamo anagona awiri okha, iye ndi khanda lake Towera, pakuti mwamuna wake Ambokile anali paulendo ndi lole yake, kukatula mpunga wa ku Wovwe ku Mzuzu.

Bafa limeneli linali nkhani m'Vinthukutu monse. Ambokile anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Kitwe, ndipo kaya anasuzumira pazenera la mzungu uti kumeneko, anabwerako atagwidwa matenda a bafa. Anamanga nyumba ya malata, khitchini m'kati momwemo, sinki ya mipopi iwiri, makabati mpaka kudenga. Koma mtima wake wonse unali kubafa. Kuseri kwa khoma anakhazika diramu pa njerwa, yosonkhera moto pansi, ndipo madzi akawira munthu ankatsegula kampopi kofiira, nthunzi n'kudzaza chipinda chonse. Iye ankakhala pa benchi lamatabwa m'menemo, maso ali tsinzini, thukuta lili kamukamu.

"Uku ndiye kupuma kwa anthu otsogola," ankatero akamaonetsa alendo. Anthu otsogola! Ku Karonga, kumene dzuwa limakutulutsa thukuta ulere, munthu wamkulu n'kumawononga nkhuni kuti atuluke thukuta.

Chimene Ambokile sanachiganize pomanga ndi bambo ake. Kwa Ankhonde mtengwa saonana ndi bambo wa mwamuna wake. Sawayang'ana, sakumana nawo panjira, satchula dzina lawo, ndipo posamba iwo iye sasambapo. Modesta anali wa ku Ntcheu, ndipo kugwadira apongozi ndi kuwapatukira njira ankakudziwa bwino, koma izi zinamukulira. Nyumba yatsopanoyo inali ya khomo lalikulu limodzi ndi mpita umodzi, choncho sikukanatheka kuti awiriwa akhalemo onse. Mkuluyo anatsala m'kanyumba kake kadothi kuseri kwa nthochi, akusamalidwa ndi mwana wake wamkazi Keziya, amene mwamuna wake anamwalira. Chikwatiwire, Modesta anali asanaonepo nkhope ya apongozi akewo. Ankangowadziwa ndi chifuwa.

Ndipo chifuwa chimenecho, namwino aliyense akanachizindikira ali chigonere. Chinkayamba dzuwa likangolowa, chouma, chochokera pansi penipeni, n'kumakoka mpaka munthu womvera yekha kumva kubanika.

"Bambo a Towera, chifuwa chachikulu chija," anamuuza mwamuna wake asananyamuke. "Atengereni kuchipatala."

"Tata akana. Kuchipatala kuno kuli iwe, akalowa bwanji? Ndikabwerako ndidzawatengera ku boma."

"Matailosi munakawatenga ku Blantyre, lero ku boma kwakutalikirani?"

Ambokile anangoliza lole n'kumapita. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Anthu odutsa pamsewu ankaima n'kumasirira nyumbayo, pamene Modesta m'katimo ankagona ndi mkwiyo n'kudzuka nawo.

Usiku wotsatira tsiku lija anapeza galasi lili mbuu, anamva yekha. Kunja achule a m'minda ya mpunga anali pakalapakala, apongozi akutsokomola monga mwa masiku onse, kenaka chifuwa chija chinaleka. Panapita kanthawi, ndipo m'khoma munamveka kugunda, gu, gu, gu, monga mapaipi amachitira madzi akayamba kutentha. Kenaka kunabwera kamluzu kakang'ono, kosalekeza, ndi fungo la masamba a bulugama likuyenda mumpita mpaka kulowa kuchipinda. Modesta anakokera mwana pachifuwa, tsitsi lili nyaunyau, ndipo sanatsike pabedi. Kutacha anazungulira kuseri. Phulusa pansi pa diramu linali lothiridwa madzi ndi kusesedwa bwino, koma mulu wa nkhuni unali utatsika.

Zinapitirira choncho, usiku wina kuchitika, wina ayi. Ndiye pakamwa pa anthu simumangidwa mpanda. Amayi obwera ndi ana kusikelo anayamba kunong'onezana m'Chitumbuka akamuona, poganiza kuti sakumva. Ena ankati utsi umene umaoneka usiku kwa Ambokile ndi wa malemu amayi ake, amene akwiya kuti mwamuna wawo watayidwa kunthochi. Ena ankati bafalo silinamangidwe ndi ndalama zokha. Koma ena, ndipo awa ndiwo anamuwotcha mtima, ankati palibe mzimu umene umatola nkhuni, nesi wa kummwerayo ali ndi mwamuna amene amamufunditsira madzi mwini nyumba akachoka.

Mantha anathera pomwepo. Kumutcha hule, iye, chifukwa cha bafa limene sanalipemphe! Usiku umenewo sanavule n'komwe. Mapaipi atangoyamba kugunda anatuluka opanda nyali, akupapasa khoma, n'kuzungulira kuseri kumene bafalo linali ndi kachitseko kena kotulukira panja. Pansi pa diramu moto unali ngwee, ndipo munthu anali atagwada pamenepo akuuzira. Modesta anamugwira paphewa mwamphamvu.

"Kyala!" anadzidzimuka munthuyo, kuitana Mulungu m'Chinkhonde. Anali Keziya.

"Kani ndinu, alamu? Ndinu mzimu wake?"

"Tsitsani mawu, mlamu, chonde," ananong'ona Keziya, atatchinga kachitseko ndi thupi lake. "Musalowe. Tata ali m'katimo."

"M'bafa mwanga?"

"Ndimachita kuwabereka. Kuyenda analeka kale, ndipo apepuka ngati mwana. Akakhala pa nthunzi ndi bulugama, chifuwa chimamasuka, amagonako pang'ono. Kupanda apo amakhala tsonga mpaka kucha. Koma musadandaule, ndimatsuka paliponse, benchi, khoma, pansi. Mwambo sunaswedwe, palibe chingakugwereni."

Modesta anapsa mtima. Ankanong'ona, koma mawu ake ankatuluka ngati akulavula.

"Mwambo! Mukutsukira mwambo? Mwana wanga ndimamusambitsa momwemo, munthu wa chifuwa chachikulu atatsokomoleramo usiku wonse. Mudzi wonse ukunditcha hule inu muli phee. Ndipo nthunziyo ikuwachiza? Ikungowanyenga, matenda akuwadya. Mankhwala alipo, alamu, ndimawapereka ndi manja angawa kwa anthu osawadziwa n'komwe, koma apongozi anga akufera kuseri kwa nyumba yanga chifukwa maso anga akuti ndi oopsa!"

 M'kati mwa bafa munali zii, kungomveka kamluzu ka nthunzi kokha, ndipo Modesta anadziwa kuti mkuluyo wamva zonse.

Kutacha anatenga loko wa pakabati ya kukhitchini n'kukhoma kachitseko kaja, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje. Maganizo ake anali akuti nthunzi ikasowa, mkuluyo avomera yekha za chipatala. Anamuuza Keziya kuti akafune ngolo, iye adzachoka pantchito tsiku limenelo n'kukabisala kuti apongozi alandiridwe ndi ena. Keziya, maso ali pansi, anati ayesa.

Koma masana a tsiku lomwelo kunafika lole ya chipani. Kunali kubwera mlendo wamkulu ku boma, ndipo amayi ankatengedwa kukakonzekera magule. Modesta anapulumuka chifukwa cha ntchito, koma dzina la Keziya linaitanidwa. Atayesa kunena za bambo ake odwala, anamufunsa ngati bambo akewo ali aakulu kuposa mlendo amene akubwerayo. Masiku amenewo funso lotere silinkayankhidwa. Anakwera, ndipo lole ikunyamuka anakuwa:

"Mlamu! Phala muziika pachitsa pakhomo pawo, muombe m'manja, muchokepo. Musalowe!"

Modesta anachita momwemo. Anaika phala pachitsa dzuwa likulowa, anaomba m'manja atayang'ana kumbali, n'kubwerera.

Usiku umenewo kunalibe mwezi, ndipo mphepo inaima. Chifuwa chinayamba msanga ndipo chinali choipa kuposa masiku onse, chokhala ndi kaphokoso konyowa kumapeto kwake, pakati pake mkuluyo akukoka mpweya ngati munthu wotunga pachitsime chakuya ndi chingwe chachifupi. Modesta anagona chagada, kiyi ikumubaya m'chiuno. Anatukwana Ambokile ndi matailosi ake, anatukwana mwambo, anatukwana lole ija chamumtima, ndipo pomaliza anadzitukwana yekha. Anaganiza zodzuka, kukatsegula loko n'kusonkha moto. Koma nanga akanawabereka ndani? Akanati alowe m'kanyumbamo, mkuluyo akanafa ndi manyazi matenda asanamumalize, ndipo ukwati wake ukanathera pomwepo. Anatembenukira kukhoma n'kudziuza kuti kukacha akafuna yekha ngolo.

Sanadziwe kuti chifuwacho chinaleka nthawi yanji. Anangozindikira kuti kwakhala chete kwa nthawi yaitali, chete wakuti ngakhale achule anali atasiya. Anamvetsera mpaka makutu kulira. Ndiyeno m'khoma, pafupi ndi mutu wake, munamveka gu. Panapita kanthawi. Gu, gu.

Anayatsa nyali. Atatsegula chitseko cha kuchipinda anapeza mpita wonse uli tolo, nthunzi ikutuluka pansi pa chitseko cha bafa n'kumakwawa pa simenti, yofunda m'mapazi. Keziya kunalibe, kiyi inali m'chiuno mwake. Ndiye kuti wina wathyola loko, anaganiza, wina wa anthu omwe aja amene amunena mpaka kutopa, tsopano wabwera kudzalawa yekha bafa lotchukalo. Mkwiyo unamubwerera wonse. Anatenga mpini umene unkakhala kuseri kwa chitseko, n'kukankha chitseko cha bafa ndi phazi.

Poyamba sanaone kanthu, nyali inangounikira zoyera zokhazokha. Kenaka nthunzi inapatuka pang'ono. Pa benchi panali patakhala munthu wokalamba, wowonda nthiti kuwerengeka, nsalu ili m'chiuno, manja ali pamawondo. Anali ndi ndevu zoyera zapachibwano pokha, ndi chipsera chakale chodula nsidze yakumanzere pakati. Ankapuma mofatsa, mpweya wautali wopanda chotchinga, ngati munthu amene watula katundu. Ndipo ankamuyang'ana Modesta m'maso, osaphethira.

Apongozi sangakhale, anatero mumtima. Iwo sayenda, sapuma chonchi, ndipo akanalola kufa kusiyana ndi kumuyang'ana chotere.

"Ndinu ndani?" anakalipa. "Mwalowa bwanji muno? Mwaona ngati ndi bafa la pamsika? Tulukani ndisanakuswereni mutu!"

Munthuyo sanasunthe. Anamuyang'ana kuyambira kumutu, pang'onopang'ono, mpaka kumapazi, n'kubwereranso kumaso, wosakwiya, wosaseka. Kenaka anagwedeza mutu kamodzi.

"Kani ndiwe," anatero, m'Chichewa cholemera lilime.

Mpini unagwa wokha. Modesta anakoka chitseko, anathamangira kuchipinda, anaponya mwana kumsana n'kutuluka panja. Anazungulira kuseri kuti aone pamene wakubayo walowera. Loko anali lende pamalo pake, wokhoma. Anaunika pansi pa diramu, ndipo munalibe ngakhale khala limodzi. Anapisa dzanja m'phulusa, linali lozizira. Anagwira diramuyo, inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Nyumba za anthu zinali kutali, kutsidya kwa minda. Munthu yekhayo amene anali pafupi anali kuseri kwa nthochi. Modesta anayenda kunka kumeneko, masamba ouma akulira pansi pa mapazi ake. Phala linali pachitsa pomwe analisiya, nyerere zitalizinga. Anaomba m'manja. Anaodira kawiri, katatu. Kenaka anati mwambo uone kolowera, n'kukankha chitseko.

Chitsekocho chinatseguka pang'ono n'kugunda chinthu. Anadzipanikiza n'kulowa cham'mbali. Mkuluyo sanali pamphasa. Anali chafufumimba pansi, pafupi ndi khomo, mkono umodzi utatambasukira kutsogolo, ndipo m'dothi munkaoneka mkwasa wa mmene anadzikokera kuchokera pogona. Modesta anagwada n'kugwira dzanjalo. Anali atagwirapo anthu akufa ambiri pantchito yake, ndipo sanafunike wina womuuza kuti uyu anapita kalekale, mwina iye akali kutembenukira kukhoma.

Anaika nyali pansi. Ndi manja awiri anatembenuza mutuwo mosamala, kuti kwa nthawi yoyamba aone nkhope ya bambo amene anabala mwamuna wake. Ndevu zoyera zinali pachibwano pokha. Chipsera chinadula nsidze yakumanzere pakati.

Towera anadzuka kumsana n'kuyamba kulira. Modesta anakhala pansi pomwepo pambali pa mtembo, nayenso n'kuyamba kulira mokweza kuti a kutsidya amve abwere, koma mpaka anthu anafika ndi miuni yawo sanacheukire kunyumba yaikulu.