Monde ndi Galu Wothawathawa

Monde anali ndi galu. Dzina lake linali Fumbi. Monde ankamukonda kwambiri. Koma Fumbi anali ndi mwendo wanjira.

Geti likatseguka, Fumbi uyo! Ankathamangira ku msika wa ku Libuyu. Ankabwera madzulo, mimba ili tiii.

Akabwera, Pumulo ankamudikira pakhomo. Pumulo anali mchimwene wake wa Monde. Ankavula patapata. Pha! Pha!

"Ni kumuphunzitsa," ankatero Pumulo.

Mawa lake Fumbi ankathawanso. Maphunziro a patapata sankalowa m'mutu.

Tsiku lina bambo awo anabwera kuchokera ku Mukuni Park, kumene ankagulitsa ziboliboli. Anapeza Fumbi kulibe.

"Nalema naye uyu galu," anatero bambo. "Akathawa futi, nizamupeleka ku famu kwa ba Muleya."

Mtima wa Monde unawawa. Ku famu ndi kutali. Sakanamuonanso Fumbi.

Madzulo Fumbi anatulukira. Anaima patali, mchira uli pakati pa miyendo. Ankayang'ana patapata m'manja mwa Pumulo. Monde anaona, ndipo anaganiza.

"Ba Pumulo, imani!" anatero. "Akathawa, apeza zakudya. Akabwela, apeza patapata. Manje inu mungabwele?"

Pumulo anakanda m'mutu. Anavala patapata yake.

Monde anapempha kapenta, tinsomba touma, kwa mayi ake. Anaimba mluzu. Fyuu! Fumbi anasendera pang'ono. Analandira kapenta mmodzi. Monde anamusisita m'khosi.

Tsiku lililonse ankachita chomwecho. Mluzu, kapenta. Mluzu, kapenta. Anayamba m'bwalo. Kenako anayesa pageti, chingwe chili m'manja. Nthawi zina Fumbi ankakoka chingwe. Monde sanamumenye. Ankangoyambanso.

Loweruka lina kunabwera wogulitsa makala. Analowetsa njinga yake. Geti analisiya pululu.

Fumbi uyo! Analiyatsa liwiro mumsewu.

Bambo anazimitsa kaseti imene ankamvera pakhonde. Anaimirira. Monde nayenso anaimirira. M'manja munalibe chingwe. Munalibenso kapenta.

Anaimba mluzu. Fyuu!

Fumbi anaima. Anayang'ana kumsika. Anayang'ana Monde.

Fyuu!

Fumbi anatembenuka. Anathamanga, makutu ali petupetu. Analowa pageti. Anakhala pamapazi a Monde, akugwedeza mchira.

"Iye!" anadabwa wa makala uja. "Galu womvela so! Munamugula kuti, ba bosi?"

Bambo anaseka. Anaika dzanja paphewa la Monde.

"Sitinagule womvela," anatero. "Ni mwana wanga uyu anamuphunzitsa. Yekha!"

Monde anamva kukoma. Anadziona wamtali ngati bambo ake.

"Ba Tate, nanga ku famu?" anafunsa.

"Ku famu kulibe amene ayenda," anayankha bambo. "Fumbi ni wa pano."