Njira ya ku Kasupe wa Paloma

Crucita anachoka kwa mlongo wake Onesimo usiku utapita kale, nkhani ya ulendo isanathe. Mapu anali patebulo kuyambira dzuwa lisanalowe, khofi anafulidwa kawiri, koma pamene ankanyamuka anali asanagwirizane chilichonse.

Ulendowo unali wa bambo awo, a Telesforo. Dokotala anali atanena kuti nyengo yachisanu idzawapeza maso atatha, choncho ana awiriwo anapangana kuwatenga pa galimoto masiku angapo, adutse m'chipululu ndi m'zigwembe zofiira za ku Utah, mkuluyo akhutitse maso mdima usanabwere. Onesimo, mwini pikapu, anali atasanja zonse: msewu wa tala wokhawokha, kogona kodziwika, komwetsa mafuta kodziwika. Koma bambowo atafunsidwa kumene akufuna kukaona, anatchula malo amodzi okha, kasupe wa Paloma. Pa mapu panalibe. Pa foni panalibe. Atafunsidwa kuti ali kuti, anati sakudziwa. Atafunsidwa ngati anafikako, anati ayi.

"Mwaona, achemwali? Mutu wayamba kutsatira maso," anatero Onesimo. "Pikapu yanga sindikaithyolera m'miyala kufunafuna madzi a kumaloto."

Crucita ndi amene ankakhala ndi bambowo, ndipo sabata yonseyo ankawaona akupukuta chipewa chawo chakale cha ku ubusa, n'kuchipachika, n'kuchitsitsanso. Onesimo anafuna kumuperekeza pa galimoto, iye anakana. Mlamu wake Lucinda anangokulunga buledi wopyapyala wotentha m'kansalu, wa m'mawa wa apongozi ake, n'kumuika m'manja pakhomo.

Njira yopita kwawo inkadutsa pa tchalitchi, n'kutsika kuseri kwa makola mpaka pa mlatho wa pa khwawa. Mvula inali isanagwe miyezi yambiri, khwawalo linali mchenga wokhawokha. Crucita ankayenda akuwerenga kolona m'thumba la jekete, kupempha chinthu chimodzi chokha: kuti adziwe ngati bambo ake akukumbukira kapena akusokonezeka.

Atayandikira mlatho, anamva fungo la mvula.

Anayang'ana kumwamba. Nyenyezi zinali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Anaima. Kenako anamva kudontha. Tho... tho... tho...

Pa chitsulo cha m'mbali mwa mlatho panali patakhala munthu. Anali mnyamata wamtali, wa chipewa chachikulu, kansalu kofiira m'khosi. Madzi ankayenderera m'mphepete mwa chipewacho, m'manja a malaya, m'nsapato, n'kumagwera pa simenti.

"Zikomo, mayi. Kwatsala pang'ono kucha?"

Crucita anati kucha kudakali kutali.

"Ndiye ndafulumira. Ndikudikira Telesforo."

Dzinalo analitchula lokhalokha, ngati akutchula mnzake wosewera naye. Crucita anafinya kolona. Anati bambo ake agona, ndipo sayenda usiku.

Mnyamatayo anaseka, mpata wa pakati pa mano ukuoneka. "Bambo anu? Iyayi, mayi, mwasokoneza. Ndikunena Telesforo wa nkhosa, mwana wa a Maclovia. Ameneyo ndi mkazi yemwe alibe. Mtsikana akamupatsa moni, amayankha galu."

A Maclovia anali agogo ake a Crucita. Anamwalira iye ali kamwana.

Mwina waledzera, anaganiza. Mwina ndi wachibale wa kutali. Mwina kuli Telesforo wina, ndi a Maclovia ena. Nanga wanyowa kuti, m'dziko lopanda ndi chithaphwi chomwe? Mnyamatayo ankanjenjemera, mano akuombana. Crucita anachita chimene manja ake anazolowera: anamupatsa kansalu ka buledi kaja. Zala zawo zinakhudzana. Zinali zozizira ngati mwala wa pansi pa chitsime.

Mnyamatayo sanadye. Anangokumbatira buledi uja pachifuwa, akuthokoza kutenthako, n'kunena kuti ulendo wawo ndi wautali, akupita ku Paloma.

 

Mnyamatayo anati Telesforo njira saidziwa, ndipo akachedwa, amuuze, adzakumana kutsogolo. Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala akubwereza mumtima. Tsiku loyamba alunjike kumadzulo mpaka pa miyala itatu yofiira yoima ngati amayi odikira pa chigayo. Pamenepo pali chipata cha waya. Alowe, n'kuchitseka monga achipezera. Asagone m'khwawa, ngakhale mchenga wake ufewe bwanji, agone pamtunda. Tsiku lotsatira njira idzagawika kambirimbiri, ndipo asavutike kusankha. Adikire madzulo. Nkhunda zikamadutsa mmunsi, mofulumira, zosatera, ndiye kuti zikupita kukamwa. Azitsate mpaka m'chigwembe.

"Akavalo mukawamwetse musanalowe pa chipata," anatero.

Crucita anadzimva yekha akuyankha kuti akuyenda pa galimoto.

"Galimoto? Ya ndani?" Mnyamatayo anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope itasokonezeka ngati ya Crucita yemwe. Anayang'ana chitsulo chimene anakhalira, n'kuchisisita. "Mlathowu anamanga liti?"

Kenako anapendeketsa mutu.

"Mukuwamva?"

Crucita anamvetsera. Kumtunda kwa khwawa kunkamveka mkokomo. Unali kutali. Unayandikira. Miyala ikugubuduka, mitengo ikuthyoka. Simenti inayamba kunjenjemera pansi pa mapazi ake. Madzi!

Anathamanga. Anapunthwa. Anadzuka, n'kuthamanganso, dzina la Mariya lili pakamwa. Atafika pamtunda anatembenuka kuti akuwire mnyamata uja.

Kunali zii.

Khwawa linali louma, mchenga ukuyera ndi mwezi. Pa mlatho panalibe munthu. Pa chitsulo paja panali kansalu ka Lucinda, kopindidwa bwinobwino... kakudontha.

Sanabwerere kukakatenga.

Kunyumba anapeza bambo ake atakhala m'khitchini mumdima. Masiku amenewo nyale sankaikumbukira kawirikawiri. Anali atamusungira mpando pafupi ndi mbaula. Crucita anakhala pansi osavula jekete. Anafuna kungonena kuti nkhani ya ulendo sinathe, koma m'malo mwake anayamba kutchula njira: miyala itatu, chipata cha waya, kugona pamtunda. Atafika pa nkhunda, anaona milomo ya bambo ake ikuyenda limodzi ndi yake.

"Wakuuza ndani, mwana wanga?"

Anawauza zonse, chipewa, kansalu kofiira, mpata wa m'mano, ndi zoti Telesforo amayankha galu mtsikana akamupatsa moni. Mkuluyo anatulutsa kaphokoso kamene Crucita sanadziwe ngati ndi kuseka kapena kulira.

"Cipriano," anatero. "Pakamwa pake sipanasinthe."

Crucita anafunsa kuti Cipriano ameneyu ndi mwana wa yani, amakhala kuti.

A Telesforo anachita chizindikiro cha mtanda. Anafotokoza mosakweza mawu, manja ali pa mawondo. Ankaweta naye nkhosa ali anyamata, amayi ake a Crucita asanawadziwe n'komwe. Cipriano yekha ndi amene anali ataona kasupe wa Paloma, ndipo analonjeza kukamusonyeza mnzakeyo akatha kumeta nkhosa. Anapangana kukumana pa khwawa m'bandakucha. Cipriano, ndi changu chake, anafika usiku n'kugona pa mchenga, iye yemweyo amene ankaletsa ena. Kuno kumwamba kunali koyera. Mvula inagwa kumapiri.

"Ndinafika kukucha, akavalo awiri m'manja. Khwawa linali lodzaza mpaka m'milomo. Tinamupeza kumunsi, pa mitengo. Manda ake ali kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi agogo ako."

Mbaula inathetheka. Crucita anayang'ana zala zake, zinali zisanafundebe.

"Anati tikamupeza kutsogolo?" anafunsa mkuluyo.

"Anatero, bambo."

Maso a mkuluyo otuwawo anali pa zenera pamene panalibe choona. Kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuimirira.

"Wadikira mokwanira. Kukangocha upite kwa Onesimo, ukamuuze njira monga wandiuzira ine. Akakana pikapu yake, umufunse amene ali ndi akavalo."