Mpweya wa Ng'ombe za Kondwelani

Anakumana pa siteji ya minibasi za ku Palabana, Kondwelani atanyamula zigubu za mkaka, Virginia atakumbatira katoni ya mabotolo. Mtsikanayo ankaphunzira sayansi ku Lusaka, ndipo ankasaka khola loti azikatengako mpweya umene ng'ombe zimageya. Kondwelani anaseka mpaka misozi, koma nambala yokha anapereka msangamsanga. Akanalekeranji, maso a mtsikanayo atamulasa kale?

Loweruka lililonse Virginia ankatulukira kukhola. Ankafotokoza kuti kumwambaku dzuwa limaswa ozoni, mpweya wotitchinga ku ukali wake, ndipo chidutswa chake chikakumana ndi nthunzi ya madzi pamabadwa tinthu tolusa totchedwa OH. Timeneti timadya mpweya wa ng'ombe uja. Koma wopulumuka umakwera kutali, n'kusanduka madzi, ndipo OH wobadwa kumeneko amatembenuka n'kuyamba kudya ozoni yemweyo.

Kondwelani ankangogwedeza mutu ngati akumva zonse, chonsecho akuyang'ana milomo. Madzulo ake meseji inkanyamuka: "Switi wanga, olo ozoni isile, ine nizakuchinga na ambulela mpaka kukalamba."

"Wamisala iwe. Nakuyewa kale," linkabwera yankho, kusonyeza kuti wamusowa.

Kafukufuku atatha, Virginia anamutumizira lipoti lake pafoni. Kondwelani anafunafuna dzina lake, ndipo anangopeza mawu othokoza "mlimi wina wa ku Chongwe." Msuweni wake Doris, wogulitsa mkaka pamsika, anathira mchere pabala, nati mkazi wa digiri sangafe ndi munthu wonunkha ndowe, ankangofuna ng'ombe basi.

Zinamupweteka zedi. Miyezi isanu ya chikondi, iye n'kukhala mlimi wina? Anasiya kuyankha foni. Ankakama mwaukali mpaka ng'ombe yake yofatsa kwambiri inamuponda chala.

Patatha masabata awiri, Virginia anafika m'mawa, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Ng'ombe zanu zili uko, madamu," anatero Kondwelani akukama, osadzutsa mutu.

Mtsikanayo anagwira m'chiuno. Anamuuza kuti malamulo a kusukulu salola kutchula dzina la mlimi mu lipoti, kuopa kuti anthu angamuloze chala kuti ng'ombe zake zikuwononga kumwamba. Anabisa dzinalo pomuteteza, osati pomuchitira manyazi. Ndipo mpweya wokwanira anali ataupeza kale mwezi woyamba.

"Manje iyo myezi inayi yosala, uganiza nenze kubwelela chani? Kugeya kwa ng'ombe?"

Kondwelani anayamba kupepesa mwachibwibwi, koma Virginia anamudula.

"Amalume banga bankala ku Kanakantapa. Pa Sondo sibayenda kumunda. Uzatuma ndani?"

Ndowa inagubuduka, mkaka wonse n'kutayikira pansi. Kondwelani sanaucheukire n'komwe. Ndi zala zonyowa zomwezo, anali atayamba kale kusaka nambala ya amalume a iye mwini, oti akamufunsirire mbeta Lamulungu.