Amene Anadzatenga Mchombo wa Talandira

Madzulo amenewo ndinali kuseri kwa nyumba, ndikuchapa matewera. Ine Lester, mphunzitsi wathunthu kuno ku Kasakula, manja ali thovu lokhalokha, odutsa akundiseka. Sindinasamale. Mwana wathu woyamba, Talandira, anali ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndinali nditapenga naye. Akayetsemula, ndinkathamanga. Akagonetsa, ndinkaika chala pakamphuno kake kuti ndimve ngati akupuma.

Amene ankatisamalira m'chikuta anali apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Kezia. Koma m'mawa wa tsikulo kunagwa maliro kwawo ku Chezi, ndipo anakwera njinga yamoto. Ponyamuka anauza mwana wawo, ine ndikumvera panja: "Mchombo ukagwa muusunge. Ndidzakwirira ndekha pobisika. Munthu wina asaugwire."

Unagwa dzuwa litangolowa. Kanthu kakang'ono, kouma, kakuda ngati kachidutswa ka fodya. Kezia anaukulunga m'kansalu, ine ndinauika m'bokosi la machesi pamwamba pa kabati.

Mvula inayamba. Kezia anagona tulo tofa nato, mwana ali pambali pake. Ine ndinakhala pampando, maso ali pakamimba ka mwanayo, kakukwera ndi kutsika.

Kenaka pachitseko: go, go, go.

"Odi, aphunzitsi."

Mawu a apongozi. Ndi mmene amandiitanira, ndi kukoka kwawo komwe kuja. Ndinadabwa, pakuti msewu wa ku Chezi mvula ikagwa suyendeka ngakhale masana. Njinga sindinaimve. Galu wa aneba, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali zii.

"Wagwa, eti?" anafunsa.

"Wagwa, mayi."

"Patseni kuno. Usagone m'nyumba."

Ndinatsegula, ndipo apa ndi pamene ulemu unandigwetsa m'mbuna. Chikwatirire sindinawayang'anepo apongozi kumaso. Kwathu mkamwini satero. Ndinagwada pakhomo, mutu pansi, n'kupereka kabokosi kaja ndi manja awiri. Chimene ndinaona ndi mapazi okha. Opanda nsapato. Ouma gwa, pabwalo pali matope okhaokha. Dzanja limene linalandira linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Lowani, mayi, munyowa."

Nditadzutsa mutu, panali mvula yokha. Kuchipinda mwana analira kamodzi, ngati wina wamutsina, n'kukhala chete.

Ndinamunyamula mpaka kunacha. Ndinaopa, abale. Mapemphero onse amene ndinaphunzira m'kalasi ya ubatizo anandithera m'kamwa, ndinangotsala ndi "Ambuye, Ambuye."

M'mawa ndinaimba foni. Apongozi anayankha, kumbuyo kukumveka nyimbo za maliro.

"Ine? Ndachezera pasiwa usiku wonse. Funsani amayi a Chigwirizano."

Anafika masana, matope mpaka m'mawondo. Sanadutsirenso kwa Kezia monga mwa masiku onse. Anaima pamaso panga.

"Nkhope munaiona?"

"Ndikanakuyang'anani bwanji, mayi?"

Anangogwira pakamwa. Kezia sanandikalipire, koma bola akanatero.

Tinafufuza kudzala, kunthochi, m'munda wa chimanga. Kabokosi sikanapezeke, ngakhale phazi pamatope. Abusa anabwera kudzapemphera. Kusikelo anati mwana ali bwino, akukwera mokondweretsa. Koma kumjigo amayi amanong'onezana zina. Amati wosunga mchombo safulumira. Amadikira mwana ayambe kuyenda, kenaka amangomuitana, ndipo mwanayo amapita yekha.

Ine ndine munthu wophunzira, ndipo zoterezi ndinkaziseka kale. Lero chitseko chathu chili ndi maloko awiri, ndipo ndimagona pamphasa chopingasa pakhomo.

Talandira tsopano ali ndi miyezi khumi ndi umodzi. Ndi wonenepa, mano anayi, kuseka ngati mayi ake. Dzulo usiku anasiya mwendo wa tebulo n'kuima yekha. Bambo aliyense amaomba m'manja pa tsiku lotere. Ine ndi Kezia tinangoyang'anana.

Ndinagwada, n'kutambasula manja.

"Bwera kwa adada, Tala. Bwera."

Sanandiyang'ane. Anapendeketsa mutu ngati akumvetsera wina, anamwetulira, n'kuponya mapazi atatu kulowera kuchitseko.