Tinyerere ta Pansi pa Khungu

Dontho limodzi lokha linagwera pa bala la chikwanje, ndipo balalo linayamba kudzitseka. Khungu linakwawa kuchokera mbali zonse mpaka linakumana pakati, osasiya ngakhale kamzere. Esinati Kamwendo ankaonera zimenezi pa kanema wa pakhoma podikira dokotala, dzanja lili pa tsaya lake lamanzere, pomwe linazolowera kukhala iye akakhala pagulu.

Anthu ankangoti tinyerere. Tinali timakina tosaoneka ndi maso, tolowa m'thupi ndi jakisoni n'kumanga mudzi pansi pa khungu, ntchito yake kusoka paliponse pong'ambika ndi kusalaza paliponse pokhakhala. Zinali zaka zimene minibasi za mu Lilongwe zinkayenda zopanda dalaivala, ngakhale makondakitala anali akadalipo, poti makina otha kukuwa kuti "watsala mmodzi!" galimoto ili yopanda munthu anali asanapangidwe.

Chipsera cha Esinati chinali cha moto wa nyale ya koloboyi umene unamugwera ali wakhanda. Chinayambira pansi pa diso kukafika kukhutu. Kusukulu ankamunena kuti Kanyenya, ndipo pa zithunzi za ukwati wake anaima chammbali ngati wakwiya ndi mwamuna. Tsopano mwana wake Yankho ankakwatiwa kumapeto kwa mwezi, ukwati wa makamera ouluka osadziwa manyazi a munthu. Esinati ankafuna kulowa m'bwalo la perekaniperekani nkhope ili kutsogolo, kamodzi kokha pa moyo wake.

"Njira zilipo ziwiri, mayi," anatero Dokotala Chisambi atamuyeza. "Ya mpeni ndi yakale ija. Timadula, timatenga khungu la pantchafu, timasoka. Mukhala m'mabandeji mpaka ukwati udutse, komanso chipsera sichitha chonse, chingochepa."

"Nanga tinyerereto?"

"Mukabayitsa sabata ino, ukwati ukamafika tsaya lili see. Koma ndinene poyera: tinyerereti tikalowa talowa. Sitituluka, ndipo sitilola kanthu kutsala pakhungu."

"Chimene ndikufuna n'chimenecho, adokotala. Ndatopa nako kuyang'anidwa ine."

Kunyumba, mwamuna wake Lodzani anayamba ndi nthabwala, monga amuna amachitira akamaopa kunena zoona. "Amake Yankho, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere." Ataona kuti mkazi wake sakuseka, anatsitsa mawu. "Nanga amayi mwawaganizira?"

Ankanena a Nachisale, mayi ake a Esinati, amene ankakhala nawo pakhomopo. Madokotala anawakonza maso, anawaikira bondo latsopano, koma matenda oiwala anawakanika. Gogoyo anali ataiwala zidzukulu, mpongozi, ngakhale dzina la mudzi wawo. Chimene chinatsala n'chimodzi. M'mawa uliwonse ankakweza dzanja, kupapasa chipsera chija kuyambira pansi pa diso mpaka kukhutu, n'kunena kuti, "Esinati, ndiwe? Kodi pakuwawabe?" Akatero ndiye ankatsegula pakamwa kulandira phala. Za m'manja mwa munthu wina sankadya, poti analeredwa kuti chakudya cha munthu wosamudziwa sulawa. Loboti yosamalira odwala imene Lodzani anagula inaponyeredwa mbale kumaso tsiku loyamba lomwe.

"Mawu anga akuwadziwa," anayankha Esinati. "Mayi angaiwale mawu a mwana wake?"

Anakabayitsa. Tsaya linayabwa ngati wagona pa chitedze, kenako linazizira, kenako khungu lakale linayamba kufundudzuka. Popeza linali lotupa, analikulunga ndi nsalu, ndipo gogo ankapapasa pamwamba pa nsaluyo n'kumadya ndithu. Pa tsiku la ukwati nsalu inachoka. Esinati anavina mpaka thukuta, akutembenuzira tsaya lamanzere ku kamera iliyonse. Azakhali a mkwati anamufunsa ngati anali mkulu wake wa Yankho. Anasangalala, tisaname, anasangalala ngati mwana.

M'mawa mwake analowa ndi phala m'chipinda cha mayi ake. Dzanja lokalamba linakwera, linayenda pa tsaya, linabwerera, linayendanso. Kenako a Nachisale analibweza msanga n'kukonza chitenje chawo mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Pepani, mwana wanga watuluka. Khalani pampando, abwera posachedwa."

"Amayi, ndine. Ndine Esinati."

"Eya, Esinati ndiye dzina lake. Mukumudziwa? Ali ndi chipsera apa."

Phala linazizira m'mbale. La masana linaziziranso. Esinati anaimba nyimbo za kwawo, anatchula mayina a akufa, anawakumbutsa za mtengo wa masuku wa kuseri kwa nkhokwe. Gogo ankamvetsera mwachidwi n'kumuthokoza mlendo wodziwa zambiri chonchi, koma pakamwa osatsegula.

Esinati anathamangira kwa Dokotala Chisambi. "Ndichekeni. Bwezeretsani chipsera changa, ngakhale chonyansa kuposa chija."

Dokotala sanatsutse. Anangotenga kampeni, anacheka pang'ono kuseri kwa khutu, n'kumupatsa galasi. Magazi asanatsike n'komwe, bala linali litatsekeka.

"Ndikhoza kukuchekani mpaka mpeni utabuntha, mayi. Tinyerereti sitidziwa kuti pali zipsera zina zofunika."

"Ndiye muzimitse tinyerereto!"

"Amene anatipanga sanaike pozimitsira. Palibe anaganiza kuti munthu adzapempha zimenezo."

Esinati anayesa kwa anyamata a zisudzo, amene anamumata chipsera cha labala chofanana ndi chenicheni moti Lodzani anadzidzimuka. Koma zala za gogo zinapeza m'mphepete mwake n'kuchimatula. "Mwadzimata chiyani kumasoku, mayi? Ndinu wokongola kale," anatero akumusisita posalala paja. Esinati anatuluka n'kukalira kuseri kwa nyumba, kulira kwa munthu wopanda womudandaulira, poti jakisoni anakamupempha yekha.

Tsopano a Nachisale ankadyera m'mtsempha. Loboti ija inkawalumikiza kachubu akagona tulo ta masana, koma thupi linkangotha, mikono ngati bango. Akadzuka ankapempha kuti awatulutse pakhonde, maso ali pa geti.

Tsiku lina anamuitana mlendo wawo ndi dzanja. "Inu mumayenda m'tauni. Mukamuona mwana wanga, mumuuze kuti sindinadye. Ndikumudikira."

"Ndimuuza, amayi."

"Kapena wandikwiyira? Nyale ija sindinaigwetse dala."

"Sanakwiye. Sanakwiyepo n'kamodzi komwe."

Gogo anagwedeza mutu, anasendera pang'ono pamkeka kumusiyira malo. Esinati anakhala pambali pawo, dzanja lili pa tsaya losalala limene dziko lonse linkaliyamikira, ndipo awiriwo anayang'ana kugeti, kudikira munthu amene iye mwini anamuchotsa pakhomopo.